Wofiira Mmodzi

Ku Tartu, mwezi wa Febuluwale,
mtsinje wa Emajõgi umauma gwa ngati mwala,
ndipo ine ndimawoloka mlatho kusanache,
chikwama kumsana, zala zitachita dzanzi m'magolovesi.
Kwatsala miyezi inayi kuti andipatse pepala
lonena kuti Triinu uyu ndi mphunzitsi.
Pakadali pano ndangobwereka kalasi ya eni.

Ku koleji anationetsa zida makumi awiri ndi zitatu.
Ndinaziwerenga.
China chofunsira mafunso, china chochongera,
china choti ana azimata maganizo awo
pakhoma lomwe sungalikhudze.
Chilichonse ndi mawu ake achinsinsi,
ndipo onsewo ndinawalemba ndi pensulo m'kabuku.
Musauze munthu.

Lachiwiri tinachita mpikisano wa masamu.
Funso pa sikirini, kawotchi kakuwerenga chobwerera m'mbuyo,
ana makumi awiri ndi mmodzi, zala zikujompha matabuleti.
Phokoso lake! Ngakhale Joosep,
uja amagona maso ali tong'o,
anaimirira pampando n'kukuwa yankho.
Mumtima ndinati: basi, ndafika.
Dzina la Uku linali pansi penipeni.

Madzulo pulogalamu inanditumizira lipoti:
khumi ndi anayi obiriwira, asanu ndi mmodzi achikasu,
wofiira mmodzi.
Inandilangizanso, mwaulemu wake wonse,
kuti mwanayo ndizimupatsa mafunso ophweka.

Mayi Kuusk, eni kalasi,
omwe choko chinawadya zala zaka makumi atatu,
sanatsutse, sanavomere.
Anavula magalasi, n'kuloza ndi chibwano
kubini ya zinyalala.
Ndinatolamo pepala lofinyidwa ngati nkhonya.
Uku anali atasova funso lachitatu kawiri,
njira yanga, kenako ina yakeyake
yomwe ine sindinaidutsepo,
ndipo mmene ankafufuza chomwe ziwirizo zikukumanirana
kawotchi kanali katamuthera,
ife tili kale pa funso lachisanu ndi chinayi, tikuwomba m'manja.
Amati kuthamanga sikufika,
koma makina aja amangowerenga othamanga.

Ndikanatha kulekera pomwepa, n'kutukwana mawaya.
Koma pali Liisbet.

Liisbet amakhala kumbuyo, pafupi ndi paipi yotenthetsa chipinda,
tsitsi litamuphimba nkhope ngati katani.
Masabata asanu, liwu lake sindinalimve.
Ndiye Lachinayi usiku, teni koloko itadutsa,
ndikumwa tiyi wozizira pabedi,
foni inanjenjemera.
Pakhoma lija, pomwe munthu amalemba osasiya dzina,
panamera funso:
"Pepani, ngati ziro si kanthu,
n'chifukwa chiyani timavutika kumulemba?"
Ndinadziwa mwini wake.
M'makope ake onse, chiganizo chimayamba ndi pepani.

Kutacha kalasi yonse inakangana za ziro
mpaka belu linalira, ena akukanganabe povala majasi.
Iye sanatsegule pakamwa.
Koma makutu ake anafiira psuu,
ndipo kufiira kumeneko palibe lipoti linakuona.

Choncho akadzandikhazika pansi mu Juni,
akuluakulu atatu kuseri kwa tebulo,
n'kundifunsa maganizo anga pa zida za pa intaneti,
ndikudziwa ndidzachedwa kuyankha.
Mwina nanenso adzandipaka chofiira.

Khoma lija ndidzalisunga.
Kawotchi ndapeza kale pozimitsira:
anakabisa tsamba lachitatu, pansi kumanzere,
kabatani kochepa ngati njere ya therere.
Zida zina makumi awiri ndi chimodzi zija,
kunena zoona, theka ndaiwala ntchito yake.
Lipoti ndiziliwerengabe, inde,
koma nditayamba ndasuzumira m'bini.

Tsopano ndikuwolokanso mlatho, mdima wa folo koloko,
chipale chikulira pansi pa nsapato.
Pepala la Uku lili m'thumba la jasi,
ndalisita ndi chikhatho kangapo.
Njira yake yachiwiri ija
pali mzere umodzi sindikuumvetsabe.
Lolemba ndikam'funsa,
ndipo ndikadikira.